Jakisoni wa aNangondo

Mukafunsa za chaka chimenecho, aliyense amachitchula ndi chomwe chinamuwawa. Ena amati chaka cha gaga, ena amati chaka chomwe mbuzi zinkagulidwa pa mtengo wa nkhuku. Ine ndimangoti chaka chomwe ndinagulitsa njinga, chifukwa dzina lake lenileni limandilemera pakamwa.

Ndine Banda. Kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakhala zaka pafupifupi makumi awiri pachikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Ludzi. Mkazi wanga anali aNangondo. Tinali ndi ana atatu: Tiyamike, mwana wamkazi yemwe panthawiyo anali mu Fomu 3, ndi alongo ake aamuna awiri aang'onoang'ono. Ndineneretu kuti ndine munthu wa mtima wapachala. Ndikafunsa funso ndimafunsa ngati ndikuzenga mlandu, ndipo pamudzipo ankandiseka kuti mkamwini wa kwa Nangondo amalima ngati ng'ombe koma amalankhula ngati wapolisi.

ANangondo anawapeza ndi matenda a shuga atangobereka mwana wotsiriza. Mapiritsi atalephera anawaika pa jakisoni wa insulini, m'mawa ndi madzulo, moyo wawo wonse. Mankhwalawo amabwera m'kabotolo kochepa ngati chala chachikulu, ndipo sagwirizana ndi kutentha. Ife opanda filiji tinkasunga mumphika wadothi wodzaza mchenga wonyowa, kuseri kwa mtsuko. Mwezi ndi mwezi ndinkawakweza pa njinga kukatenga kuchipatala, kwaulere. Iwo ankalowa kukamvera maphunziro a anamwino, ine n'kutsala panja pansi pa mtengo ndi amuna anzanga, kulondera njinga n'kumakamba za mitengo ya fodya. Za m'katimo ndinkaziyesa za azimayi. Chomwe ndinagwira ine n'chimodzi chokha: wodwala shuga asalawe chotsekemera. Shuga ndinamuletsa pakhomo panga, ngakhale wa muphala la ana.

Novembala

Mvula yodzalira inagwa bwino, mwakuti panalibe woganiza za njala. Tinadzala chimanga m'munda wa kuseri kwa nyumba, n'kuokera fodya pang'ono kumunsi. M'nyumba munali matumba atatu otsala pa zokolola zapitazo. Sanali okwanira, koma mlimi ali ndi masamu ake: ganyu pang'ono, mango pang'ono, mpaka maungu akhwime.

Tsiku lotenga mankhwala litakwana tinapita monga mwa nthawi zonse. ANangondo anatuluka msanga, buku lawo lakuchipatala lokha lili m'manja.

“Akuti mwezi uno sanabwere,” anatero. “Akuti amene angathe akagule ku famase. Alemba umu.”

“Kugula? Zayamba liti zimenezo?”

“Musakalipire ine, aBanda. Si ine ndimayendetsa galimoto la mankhwala.”

M'mawa mwake ndinapalasa mpaka pa boma. M'famasemo patsogolo panga panali bambo wina wa tayi. Anatulutsa kakhadi, anasaina pepala, n'kunyamula jumbo yodzaza ndi mankhwala osapisako m'thumba. Ndinati mwina zinthu zasintha, nafenso atipatsa choncho. Mtsikana wogulitsa anawerenga buku lija, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Muli pa inshulansi, bambo, kapena mulipira kashi?”

“Inshulansi ya matenda? Imakhalanso?”

“Apantchito amawadula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Akadwala, kampani ndiyo imalipira.”

“Ine bwana wanga ndi khasu, mayi. Silidula kanthu, komanso silipereka kanthu. Ingonenani mtengo.”

Atanena ndinamufunsanso kachiwiri. Kabotolo kamodzi, kotha pa milungu itatu, kanali pa mtengo wa ndowa ziwiri za chimanga, majakisoni ake padera. Ndinatuluka chimanjamanja, ndinatukwana njira yonse, ndipo tsiku la msika ndinakokera mbuzi yathu yaikazi kwa ogula. Inali ndi bere. Wogulayo anaona bere lija, koma anaonanso nkhope yanga, ndiye anandipatsa mtengo womwe anafuna yekha.

Disembala

Kuchipatala yankho linali lomwe lija. Ulendo uno ndinagulitsa thumba la feteleza wobereketsa, lomwe ndinalivutikira pamzere masiku awiri. Mavenda ankadikirira panja pa depoti pomwepo ndalama zili m'manja, podziwa kuti ena a ife sitifika nalo kunyumba.

ANangondo atamva anasiya kusinja, musi uli m'manja.

“Mwagulitsa chakudya cha ana cha chaka chamawa.”

“Ndagula moyo wanu.”

“Moyo wa milungu itatu.”

“Ikatha tidzaona zina. Inu zanu n'kubaya basi.”

Alamu anga aGelevazio, mlongo wawo wa aNangondo, anabwera ndi nzeru zawo. Anati kutsidya kuli mayi wina anachira shuga ndi madzi a therere lobala. Anati enanso akumwa masamba a mango owiritsa, ndipo chakumalire kuli m'busa amene akapempherera munthu, majakisoni amakatayidwa kuchimbudzi. Ndinawayankha moipa, ndikuvomera. Ndinati mlongo wanu si munda woyeserapo mbewu. Mkamwini salankhula choncho kwa mwini mbumba, ndipo kuyambira tsikulo ankangondipatsa moni wa patali.

Khrisimasi isanafike mvula inadula. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, dzuwa likapendeka. Kadyedwe kathu kanali ka pakhomo lililonse m'mudzimo. Chakudya changa ankandiikira pakhonde, mbale yovundikira, madzi osamba m'manja pambali, ndipo ndinkadya ndekha. Iwo ankadyera kukhitchini, kuseri, pamodzi ndi ana. Zaka zonse za banja lathu, masiku omwe ndinaona mkazi wanga akuika chakudya m'kamwa ndikhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Januwale

Milungu itatu kumwamba kunali mbee. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi, ndipo pomwe mvula imabwerera mbozi zinali zitalowa kale m'kati. Matumba athu anatha sabata yachiwiri, popeza limodzi ndinali nditaligulitsa kuti ndigule kabotolo kachitatu. Mtengo wa chimanga unkakhala wina m'mawa, wina madzulo. Anthu anasiya kutchula ndowa n'kumagula pa chigoba, kenako pa kambale. Kuchigayo gaga uja tinkapatsa nkhumba anayamba kumugulitsa pa muyezo, ndipo azimayi ankalimbirana wosesedwa pansi.

Mphekesera ndiye zinkatidyetsa. Tinkamva kuti Lachitatu kudepoti kubwera chimanga chotsika mtengo. Anthu ankakagona pamzere, n'kubwerako matumba ali opinda m'khwapa. Tinamva kuti akulemba maina a olandira chithandizo. Analembadi, koma anati pakhomo pokhala mwamuna wamphamvu ngati ine si poyenera. Ndinawauza za matenda a mkazi wanga, iwo anati pepala lawo lilibe malo olembapo shuga. Amene anali ndi chimanga anachichotsa m'nkhokwe n'kuchibisa kuchipinda, ndipo ankakagayitsa kumudzi wina kuti asaonedwe. Nyumba ziwiri zoyandikana nafe zinatsekedwa, eni ake atawolokera ku Zambia kukagwira ganyu m'mafamu.

Ine ndinkapalira m'minda ya eni kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo, malipiro ake chigoba cha gaga, nthawi zina chosadzaza. Ndikabwera nacho ndinkangochipereka kukhitchini. Mmene chinkagawidwira pa anthu asanu sindinafunsepo. Mbale yanga inkabwera ndi mitanda iwiri, yaing'ono inde, koma iwiri.

ANangondo anayamba kuwonda. Ludzu silinkawatha, kuthengo ankapita pafupipafupi, maso ankati akuchita chidima. Tsiku lina ndinavundukula mphika wa mchenga uja, ndipo ndinapeza kabotolo kali pakati, pomwe kanayenera kukhala katatsala pang'ono kutha. Ndinawaitanira m'nyumba.

“Kodi mukubaya inu?”

“Ndikubaya.”

“Nanga aka sikakutha bwanji? Kakuswana?”

Anavundikira mphika uja. Kenako anati, “Masiku ena ndimachepetsa. Mankhwalawa amafuna apeze kanthu m'mimba, aBanda.”

“Ndiye mukuti simukudya? Ine ndikuthyoka msana m'minda ya eni, inu muzindiuza kuti pakhomo panga anthu sakudya?”

Ndinakuwa mpaka ana anathawira kuseri. ANangondo anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana manja anga omwe anali matuza okhaokha.

“Tikudya,” anatero.

Ndinamva zomwe ndinkafuna kumva. Mumtima ndinagamula kuti mayiyu akuumira mankhwala pondimvera chisoni, ndipo ndinalumbira kuti zimenezo ndizithetsa.

Febuluwale

Kabotolo kaja katatha ndinapalasanso mpaka pa boma. Famase ziwiri zinati insulini kulibe, sakubwera. Yachitatu inali naye, koma mtengo utakwera kawiri. Ndinaima pakhonde la sitolo ija. Ndinachita mantha, mantha enieni, chifukwa ndinali nditaonapo mmene wodwala shuga amathera akasiya jakisoni.

Pamalo oimikira akabaza ndi pomwe ndinamva za ku Chipata. Wina anati kumeneko mankhwala ali mbwee, otchipa, malume ake amagula komweko. Sindinafunse kuti malume akewo dzina lawo ndani. Pakhomo panalibenso chogulitsa: nkhuku zinatha, wailesi inapita, fodya anali asanakhwime. Panatsala njinga yomwe ndinaikhalira. Ndinaigulitsa pomwepo kwa mmodzi wa akabazawo, ndipo anaikwera ndikuona, n'kudandaulanso kuti chishalo chake n'cholimba.

Ndalama zili m'thumba ndinadutsa pamsika pomwe ankagulitsa chimanga. Ndinaimapo nthawi yaitali. Ndalama zimenezo zikanagula chimanga chotifikitsa pa nthawi ya maungu. Ndinagula chigoba chimodzi chokha, ndinachipatsira mayi wina wa kwathu kuti akasiye kunyumba, ine n'kukwera minibasi ya kumalire.

Pamalire anyamata osintha ndalama anandizinga ngati ntchentche. Mpukutu wanga wonse unasanduka timapepala towerengeka, ndipo ndinatipinda mwamantha ngati tiuluka. Ku Chipata ndinalowa famase zitatu. Mankhwala analipodi, koma nditamva mtengo ndinagwira pakauntala. Wogulitsa, bambo wachikulire wa magalasi, anandimvera chisoni.

“Ba Malawi, nindani anakunamizani ati kuno ni vochipa? Ndalama yanu ndiye ilibe mphamvu.”

Ndinapeza kabotolo kamodzi ndi majakisoni ochepa. Ndinakakulunga m'kansalu konyowa n'kukaika m'thumba la malaya. Ndalama yokwerera inangondifikitsa pamalire. Kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi, ndipo pa mjigo uliwonse ndinkaima kunyowetsa kansalu kaja ndisanamwe ine. Ndinafika kunyumba mapazi atatupa, m'mimba muli gwaa, koma ndikudzimva ngati mwamuna. Ndinakaika kabotolo kaja m'manja mwa aNangondo, kenako ndinakalandanso.

“Kuyambira lero wobaya ndine,” ndinatero. “Aka ndi njinga yanga. Simuchepetsanso.”

Nambala ya muyezo inali yolembedwa m'buku lawo. M'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse ndinkakoka mankhwala mpaka pa mzere womwewo, osachepera, n'kuwabaya pantchafu. Ludzu lija linatha. Ndinayamba kudzitama pamaso pa ana kuti onani, amayi anu akuchira, nkhani inali ulesi wobaya. Tsiku lachinayi, ndikukoka mankhwala, anandigwira mkono.

“Lero tingodumpha, aBanda.”

“Palibe kudumpha.”

“Mwina theka.”

“Ndinayenda wapansi kuchokera kumalire kuti muzibaya theka?”

Anakweza chitenje okha, n'kuyang'ana kukhoma.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinali kubandira m'munda wa kuseri, ine, iwo ndi Tiyamike. Dzuwa litakwerako ndinaona kuti mzere wa aNangondo watsalira. Nditabwerera ndinawapeza atakhala pansi pakati pa mizere, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Anali atathyola msinde wa chimanga, uja ana amatafuna ngati nzimbe, ndipo ankautafuna mwaphuma, madzi ake akuyenderera pachibwano.

Ndinaona chotsekemera m'kamwa mwa munthu wodwala shuga, basi. Ndinawatsomphola msindewo n'kuuponya kutali.

“Mukufuna kudzipha? Zimene ndavutikira zonsezi?”

Anatambasula dzanja kulozera komwe unagwera. Ankafuna kulankhula koma lilime linali litalemera, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Kenako maso anatembenuka, n'kugwera chammbali.

“Tiyamike, thamanga kwa amalume ako! Abwere ndi ngolo!”

Mwana anathamanga. Ine ndinawanyamula mpaka m'nyumba, ndipo ndinadabwa kupepuka kwawo. Ndinawagoneka pamphasa. Ndinawaitana, ndinawagwedeza, osayankha. Ndinali ndekha, ndipo nzeru yanga inali imodzi yomwe ija: atafuna chotsekemera, shuga wakwera, mankhwala otsitsa shuga ndi awa ali mumphika. Ndinakoka mpaka pa mzere, ndinapemphera, ndinawabayanso kachiwiri. Jakisoniyo ndinamusomeka kudenga. Pomwe ngolo imafika ndinali nditawafunditsa chitenje.

Ng'ombe za aGelevazio nazonso zinali ndi njala yawo, ndipo msewu unali matope. Tinafika pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu dzuwa litapendeka. Namwino yemwe tinamupeza anali mayi wa ku Mulanje, wamfupi, wosachedwa pa ntchito. Anawabaya kachala, n'kuika dontho la magazi pa kamakina. Atayang'ana anakuwira mnzake kuti abweretse diripi msanga.

“Shuga watsikiratu,” anatero. “Makina akukanika n'kuwerenga komwe.”

“Watsika? Wakweratu, mayi. Amatafuna msinde.”

“Amatafuna msinde chifukwa amadziwa kuti watsika. Adya liti komaliza?”

“Dzulo madzulo. Tonse tinadya.”

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu aang'ono. Anali Tiyamike.

“Sanadye.”

Ndinacheuka.

“Amama sadya, ababa. Akakuikirani inu, chotsala amagawira anawo ndi ine. Iwo amangopala nkhoko za mumphika n'kumwera madzi. Anayamba kalekale. Anati ndikakuuzani mudzasiya kudya inuyo, ndiye ganyu adzagwira ndani.”

Namwino uja anatuma Tiyamike ndi aGelevazio kuti akatenge machira. Titatsala awiri, anandifunsa motsitsa mawu uku akumata diripi.

“Lero abaya kangati?”

Ndikanatha kunama.

“Kawiri. Kachiwiriko ndawabaya ine atakomoka kale.”

Anatsinzina kwa kanthawi. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira.

“Bambo, munthu wotere timangomupaka shuga m'kamwa. Supuni imodzi. Sanakuuzeni kumaphunziro?”

“Ndinkakhala panja,” ndinatero.

Malichi

Anatitumiza kuchipatala chachikulu. Madokotala anati shuga wabwerera m'malo mwake, koma mutu unakhala nthawi yaitali wopanda chakudya chake. ANangondo ankapuma, maso otseka, osamva dzina lawo. Amuna saloledwa kukhalitsa m'chipinda cha azimayi, ndiye wodikirira anali Tiyamike. Ine ndinkalowa nthawi yoona odwala, n'kukhala pambali pa bedi ngati mlendo. Ndinkawanong'oneza kuti dzukani mudzanditukwane, dzukani basi. Tsiku lachinayi, cha kummawa, anatisiya.

Za jakisoni wachiwiri uja namwino sanauze wachibale aliyense, ndipo ine sindinauze munthu. Pamudzi nkhani inali yakuti Nangondo wafa ndi shuga ndi njala.

Pamaliro ndinaona zomwe zinandiwawa koposa. Mwambo wake, khomo lililonse limasonkha kambale ka ufa. Ufa unabwera, ndipo wina unali woyera, wa chimanga chokonola bwino, wochokera m'nyumba zomwe eni ake ankalumbira kuti akugonera madzi. Masiku awiri pakhomo panga panaphikidwa chakudya choposa chomwe tinadya mwezi wathunthu. Ana anga aamuna aja anadya mpaka mimba kuti tuu, n'kugona pakati pa anthu olira. Ndinkafuna kugubuduza miphika yonse ija. Koma ndikanayambira pa yani, ine amene ndinkadya mitanda iwiri?

Polankhula kumanda aGelevazio anandiyamikira. Anati mkamwini uyu ndi wamakani, tonse tikumudziwa, koma mlongo wathu anamugwira ndi manja awiri. Anagulitsa mbuzi, anagulitsa feteleza, anagulitsa njinga, anayenda wapansi kuchokera kumalire. Anthu anavomereza. Ine ndinaweramitsa mutu, iwo n'kumati ndi chisoni.

Patangotha sabata imodzi maungu anayamba kukhwima. Sabata yotsatira tinayamba kuotcha mondokwa. Kuchipatala kuja, ndinamva, mankhwala anafika mwezi womwewo.

Juni

Chimanga chopanda feteleza wobereketsa chinatipatsa zomwe chikanatha: zitsononkho zazifupi, zina zopanda mano. Fodya ndinagulitsa kwa mavenda pa sikelo yawo. Akuchikazi anati tikatha kukolola akhala pansi andisudzule, ndibwerere kwathu ku Dowa, ana atsale m'manja mwa amalume awo monga mwa mwambo. Sindinatsutse.

Amene ankandidetsa nkhawa anali Tiyamike. Kusukulu anasiya. Chakudya chinalipo tsopano, koma iye ankangochigwiragwira. Anaonda kuposa nthawi ya njala, ndipo azakhali ake, akazi awo a aGelevazio, ankati akamapita kumjigo amadutsira kumanda. Ankandiphikira, ankandichapira, ankagwada pondipatsa madzi, koma kuseka kunatha.

Tsiku lina tinali awiri pa mkukwe wotsiriza, tikusenda chimanga n'kumaponya mudengu. Mwadzidzidzi manja ake anaima.

“Ababa, amama ndinawapha ndine.”

“Ukuti chiyani iwe?”

“Ndinkaona tsiku lililonse. Ndinkadya gawo lawo, ndikudziwa kuti ndi lawo. Anandiuza kuti ndisanene, ine osanenadi. Ndikanakuuzani, bwenzi mutasiya kuwabaya muyezo wonse uja. Inu munachita mbali yanu yonse. Aliyense akunena. Wolakwa ndine.”

Sankalira. Ankalankhula ngati munthu amene mlandu wake anauweruza kale, wangotsala kulandira chilango. Ndinayang'ana mikono yake yoonda ija ndipo ndinadziwa kuti ndikapita ku Dowa ndi chinsinsi changa, chaka chisanathe andiitanira maliro ena.

Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha chotsala padziko: mwana ameneyu ankandiona ngati munthu. Ndinachigwiritsitsa kwa kanthawi, chitsononkho chili m'manja. Kenako ndinamuuza. Ndinamuuza kuti mayi ake anandichenjeza mu Januwale kuti mankhwala amafuna kanthu m'mimba, ine n'kuwatseka pakamwa ndi ukali. Ndinamuuza kuti anandipempha kuti tidumphe, ine n'kukana. Ndinamukumbutsa za msinde uja, kuti ndiwo ukanawapulumutsa. Pomaliza ndinamuuza zomwe ndinachita m'nyumba iye atathamangira ngolo.

“Munawabayanso?”

“Ndinawabayanso.”

“Atakomoka kale?”

“Eya. Muyezo wonse. Namwino uja akudziwa. Chomwe chinawatsiriza ndi chimenecho, osati iwe.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo sindinathawitse maso.

“Ndiye kumanda kuja, amalume akukuyamikirani, inu munangokhala chete?”

“Ndinangokhala chete.”

“Miyezi itatu yonseyi mukundiona chonchi?”

Anaimirira, anasenza dengu lija losadzaza, n'kumapita kunyumba osacheuka. Madzulo ake anakagona kwa azakhali ake. Akuchikazi anandisudzula Loweruka lotsatira, ndipo ponyamuka anyamata anga awiri anandiperekeza mpaka pamsewu. Tiyamike sanatuluke.

Papita zaka tsopano. Za iye ndimamvera kwa alongo ake akabwera kudzandiona. Akuti sabata yomweyo anayamba kudya. Anabwerera kusukulu, analemba mayeso, anakwatiwa cha ku Kamwendo, ali ndi mwana wamkazi wonenepa bwino. Kwa amalume ake sananene kanthu mpaka lero, koma kwa ine sanabwerepo, ndipo akandipatsira moni amati mukawapatse moni aBanda. Zimandiwawa, sindinama. Koma ndikafunsa anyamatawo kuti mlongo wanu ali bwanji, iwo n'kuti ali bwino, wanenepa, ndimati bola azidana ndi ine.